Mapaundi 20 ndi mawondo osagwada: lipoti la chibwenzi cha Myoruba ndi Mwigbo

Lipotili ndalembera alangizi anzanga a mabanja, makamaka ife amene tili kunja kuno ndipo pakhomo pa ofesi pamagogoda anthu a mitundu ina ya mu Africa. Eni nkhani anandilola kuilemba. Mayina ndawasiya, ndipo tinthu tina tomwe tikanawaulula ndatisintha.

Mmene anandipezera

Anafika ku ofesi yanga, kum'mwera kwa London, mu Epulo 2023. Mtsikanayo anali wa zaka 31, namwino, Mkatolika, wa mtundu wa Aigbo a ku Nigeria, mwana wamkazi woyamba kubadwa, amene kwawo amamutcha ada. Mnyamatayo anali wa zaka 34, akauntanti, wa mpingo wa Anglikani, Myoruba, mwana wamwamuna yekhayo wa mayi wamasiye wa ku Ibadan. Chibwenzi chawo chinali chitatha zaka zitatu. Magazi anali atayezetsa kale chifukwa cha matenda a sickle cell, monga momwe mipingo yambiri ya ku Nigeria imafunira: wina AA (magazi opanda chibadwa cha matendawa), wina AS (ongonyamula chibadwacho, osadwala). Kumeneko kunalibe vuto.

Ndinawafunsa chifukwa chimene anadumphira abusa a kwawo onse n'kubwera kwa mayi wa ku Malawi. Anayankha ndi mtsikanayo. "Anti, inu si wa kwathu, si wa kwawonso. Aliyense amene timamudziwa ali ndi mbali."

Dandaulo lawo linali lachidule. Makolo a mbali zonse akana. Bambo a mtsikana, amene agulitsa zipangizo za galimoto pa msika wa Ladipo ku Lagos kwa zaka zoposa 30, ananena pa foni kuti iwo ali moyo mwana wawo sadzakwatiwa kwa "anthu a Awolowo", kutanthauza Ayoruba. Mayi a mnyamata, mphunzitsi wopuma pa ntchito, anangofunsa funso limodzi: kodi atsikana atha ku Ibadan? Awiriwa ankafuna kuti ndiwaphunzitse mawu ogonjetsera makolo. Anati zikakanika angopita ku ofesi ya boma kuno ku London n'kukasainirana mwakachetechete.

Chimene sanandiuze tsiku loyamba

Ndinaona kuti akhala pa mipando yotalikirana, koma sindinafunse. Tsiku lachiwiri ndinakumana nawo payekhapayekha, monga ndichitira ndi aliyense, kuti ndidziwe ngati pali kuopsezana kapena nkhanza. Zimenezo kunalibe. Chimene chinatuluka n'chakuti kuyambira m'mwezi wa Marichi anatha masabata atatu osalankhulana, ndipo amene anawayambanitsa sanali makolo.

Pa 25 Febuluwale 2023, pa chisankho cha pulezidenti, Peter Obi, Mwigbo, anapeza mavoti ambiri mu Lagos kuposa Bola Tinubu, Myoruba amene anakhalapo bwanamkubwa wa komweko. Pofika pa 18 Marichi, tsiku losankha bwanamkubwa, mzinda unali utatentha. M'modzi mwa opikisana, Gbadebo Rhodes-Vivour, ankanyozedwa kuti si Myoruba weniweni chifukwa mayi ake ndi Aigbo. M'madera ena anthu ooneka ngati Aigbo anathamangitsidwa pa malo ovotera. Bambo a mtsikanayu anali m'gulu la obwezedwawo. Anyamata a msinkhu wa ana awo anawauza kuti akavote kwawo, iwo n'kuwayankha m'Chiyoruba chosalala, koma sizinathandize.

Mtsikanayo atafotokoza zimenezi akulira, bwenzi lakelo linati n'zoipa ndithu, koma nawonso Aigbo asiye kunena kuti Lagos ilibe mwini. Iye anamubwezera kuti wayamba kuoneka mtundu wake, nonsenu ndinu amodzi, mumaseka ndi munthu mpeni uli kumbuyo. Anabwererana popanda kukambirananso. Wopikisana wonyozedwa uja anali chithunzi cha mwana amene iwo akanabereka, ndipo palibe mwa awiriwa amene anali atalimba mtima kunena zimenezo.

Apa ndinasintha dongosolo. Ndinawauza kuti za makolo tiyamba taziika padera kwa masabata anayi. Sanasangalale. Koma munthu sangakatsutse kwa apongozi mawu amene iye mwini amawatulutsa akapsa mtima.

M'masabata amenewo ndinaphunzira mayina amene mitundu iwiriyi imatchulana. Aigbo amati Ayoruba ndi ndi ofe mmanu, anthu a ndiwo zosambira m'mafuta. Ayoruba amati Aigbo ndi aje okuta ma mumi, odya miyala osamwera madzi. Awiriwa ankatchulana mayinawa mwanthabwala, ndipo poyamba nanenso ndinkaseka nawo, pokumbukira momwe ife timasekerana za Atumbuka, Alomwe ndi Asena. Kenaka ndinazindikira kuti mayina omwewo ndi amene amatuluka pa mkangano, nkhope itasintha. Sindinawaletse. Ndinangowapempha kuti aliyense alembe zimene anamva pakhomo pa makolo ake ali mwana zokhudza mtundu wa mnzakeyo, n'kuika chizindikiro pa zimene akuzikhulupirirabe pang'ono. Mnyamatayo anaika pa "amakonda ndalama kuposa munthu". Mtsikanayo anaika pa "amabereka ana kunja, mkazi n'kudzawadziwira pa maliro". Tsiku limenelo linali lovuta kuposa onse. Pamapeto pake mnyamatayo ananena, mopanda "koma", kuti zimene anachitiridwa bambo aja zinali zolakwika. Sanali atanenapo chiganizo chimenecho chili chokha.

Pamene ndinaphonya

Kuti mumve mawu akuti "anthu a Awolowo" muyenera kudziwa nkhondo ya Biafra. Chigawo cha kum'mawa, motsogozedwa ndi Odumegwu Ojukwu, chinalengeza kudzipatula n'kudzitcha Biafra pa 30 Meyi 1967, Aigbo zikwizikwi ataphedwa kumpoto mu 1966. Nkhondo inayamba mu Julaye 1967 n'kutha mu Januwale 1970. Boma la Yakubu Gowon linatseka njira zonse zolowera ku Biafra, ndipo njala inapha anthu wamba ochuluka kwambiri, makamaka ana. Obafemi Awolowo, mtsogoleri wamkulu wa Ayoruba, ndiye ankayang'anira za chuma m'boma limenelo. Aigbo ambiri amakhulupirira kuti anali atalonjeza kuti kum'mawa kukachoka kumadzulo nako kutsatira, kenaka n'kutembenuka. Nkhondo itatha, amene anali ndi ndalama za Biafra kapena amene anagwiritsa ntchito maakaunti awo nthawi ya nkhondo anapatsidwa mapaundi 20 okha, kaya munthu anali ndi zingati. Mu 1972 kunabwera lamulo lakuti makampani a azungu agulitse magawo kwa eni dziko, pa nthawi imene Aigbo ambiri analibe chogulira.

Bambo a mtsikanayu anabadwa mu 1958 kumudzi wina pafupi ndi Owerri. Nkhondo imayamba ali ndi zaka 9.

Ine ndinali nditawerenga mbiriyi, ndipo kuwerengako kunandipatsa matama. Tsiku lina mnyamatayo atakhumudwa kuti akumusenzetsa mlandu wa zinthu zochitika iye asanabadwe, ndinamutonthoza ndi nkhani ya Adekunle Fajuyi. Ameneyu anali Myoruba, bwanamkubwa wa chisilikali wa chigawo cha kumadzulo. Pa 29 Julaye 1966 asilikali oukira atabwera ku Ibadan kudzagwira mlendo wake, mtsogoleri wa dziko Johnson Aguiyi-Ironsi, amene anali Mwigbo, Fajuyi anaphedwa naye limodzi, ndipo anthu amamukumbukira ngati munthu amene anakana kutaya mlendo wake. Ndinkafuna kuti mnyamatayo aone kuti mbiri ya mtundu wake ili ndi nkhope zingapo. Sindinamuchenjeze kuti nkhaniyo ndi yosunga mumtima.

Lamlungu lotsatira anatenga nambala kwa bwenzi lake n'kuwaimbira bambo aja yekha. Anapereka moni mwaulemu, n'kuyamba kuwafotokozera za Fajuyi. Anamumvetsera mpaka anamaliza. Kenaka anati: "Mwana wanga, Fajuyi anafa tsiku limodzi. Mlongo wanga wamng'ono anafa miyezi inayi, ine ndikumuona." Anadula foni. Kwa miyezi iwiri sanayankhenso ngakhale foni ya mwana wawo yemwe.

Zolakwa zinali ziwiri, ndipo zonse zinayambira kwa ine. Ndinatenga chisoni cha munthu ngati kusadziwa mbiri, ngati kuti akapatsidwa mfundo yolondola asintha. Bambowo mbiri ankaidziwa kuposa tonsefe. Anaiona ndi maso, mimba ya mlongo wawo ikutupa ndi kwashiorkor, tsitsi likufiira. Chachiwiri, ndinalola mnyamata kukadzinenera yekha mlandu. Ine, wochokera ku dziko kumene ukwati wopanda ankhoswe sitiuwerengera, ndinaiwala chinthu chimene agogo anga osapita kusukulu sakanaiwala. Ayoruba ali ndi alarina, munthu woyenda pakati pa mabanja awiri, ndipo Aigbo nawo salola mkamwini kubwera yekha. Fupa lokakamiza linaswa mphika. Ndinawauza awiriwa poyera kuti kuphonyako kunali kwanga, chifukwa anali atayamba kale kulozana zala.

Kufunafuna ankhoswe

Tinakhala pansi n'kujambula mabanja onse awiri pa pepala lalikulu, mpaka kwa azigogo. Funso linali lakuti: bambowa amamvera ndani? Mtsikanayo anatchula wansembe, anzawo a pa msika, amalume. Mochedwa anatchula azakhali ake, mlongo wamkulu wa bambowo, wa zaka zoposa 70, amene amakhala kumudzi. Kwa Aigbo ana aakazi a pa mtundu, amene amatchedwa umuada, ali ndi mphamvu imene mlendo sangaiganizire. Ngakhale atakwatiwa kutali amabwerera kudzaweruza nkhani za pakhomo pa makolo awo, ndipo amuna amawaopa. Azakhaliwa ndi amene anabereka kumbuyo mwana womwalira uja pothawa nkhondo.

Mbali ya mnyamata tinapeza bambo ake aang'ono. Iwowa atamaliza yunivesite m'zaka za m'ma 1980 anatumizidwa kum'mawa pa chaka chotumikira dziko cha NYSC, dongosolo limene Gowon anakhazikitsa mu 1973 kuti achinyamata akakhale pakati pa mitundu ina. Chiigbo ankachimva pang'ono, ndipo ankadziwa kuti pa mwambo mtedza wa kola sudalitsidwa m'Chingerezi.

Ine sindinalankhulepo ndi bambo a mtsikana kapena mayi a mnyamata. Ndinasankha dala. Mlangizi wa ku London woimbira foni mkulu wa ku Lagos za mwana wake akanangooneka ngati loya wa anawo. Ntchito yanga inali kukonzekeretsa awiriwa, ndi kupatsa ankhoswe funso limodzi loti akafunse: "Akanakhala wa kwathu konkuno, n'chiyani chikanasintha?"

Mayankho anabwera pang'onopang'ono, miyezi itatu yathunthu. Ndipo pansi pa liwu limodzi lakuti "mtundu" panapezeka zinthu zosiyanasiyana, zina zotheka kukonza sabata yomweyo, zina zosakonzeka mpaka kalekale.

Kwa mayi a ku Ibadan, nkhani inayambira pa mawondo. Atabwera kudzacheza ku London mu 2022, mtsikanayo anawalonjera ataimirira, akumwetulira, n'kuwakumbatira. Kwa Ayoruba mtsikana amagwada polonjera akulu, mnyamata amagona chafufumimba. Kwa Aigbo ambiri kulonjera utaimirira si mwano. Mayiwo anasunga zimenezi chaka chathunthu osauza munthu, ndipo zinatsimikizira zonse zimene anamva kuyambira ubwana. Pansi pa mawondowo panali mantha a ndalama. Anali atamva za mndandanda wa katundu amene banja la Chiigbo limapereka kwa mkamwini, anali atamvanso kuti wokwatira ada amasenza sukulu ya azilamu ake ndi maliro a apongozi. Ku Chiyoruba ndalama ya malowolo kawirikawiri imabwezedwa pa mwambo pomwepo, makolo n'kunena kuti mwana wawo sakugulitsa. Mayiwa amadalira ndalama imene mwana wawo amatumiza mwezi ndi mwezi. Bambo aang'ono aja anatiuza kuti atafika pamenepa mayiwo anasiya kutchula Aigbo, n'kungoti: "Ine ndidzatsala ndi ndani?"

Kwa bambo a ku Ladipo, azakhali anabwera ndi zinthu zinayi zolukanalukana. Nkhondo inalipo, ndi mapaundi 20 amene bambo owabereka, amene anali kalaliki wa njanji, analandira m'malo mwa ndalama zimene anasunga moyo wawo wonse. Manyazi a pa 18 Marichi analipo, akadali aawisi. Panalinso maso a umunna, abale aamuna a pa mtundu: bambowa ndi mkulu m'bungwe la anthu a kumudzi kwawo okhala ku Lagos, ndipo anali atadzudzulapo anzawo amene ana awo anakwatiwa kunja. Koma chimene azakhali anati ndicho chinawagwetsa misozi chinali china. Ada ali ndi udindo pa maliro a bambo ake. Iwo ankaopa kuti mwana wokwatiwa ku mtundu wina, wokhalanso kutsidya kwa nyanja, sadzabwera kudzawaika, ndipo zidzukulu sizidzadziwa njira ya kumudzi.

Alangizi anzanga, apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo. Tsankho linalipo ndithu, ndipo sindikulipaka mafuta. Kukana munthu amene sunamuonepo chifukwa cha zimene anachita wandale amene anamwalira mu 1987 ndi tsankho. Koma ndikanapitiriza kulimenya ngati chinthu chimodzi, sindikanaona kuti mbali yaikulu ya katunduyo inali mantha a ukalamba, a umphawi ndi a manda, atavala malaya a mtundu chifukwa malaya amenewo ndi osavuta kuvala pagulu. Bambo wa zaka 65 sangauze anzake kuti akuopa kufa yekha. Kunena kuti Ayoruba ndi achinyengo, onse amagwedeza mutu.

Zimene tinasankha

Za ukwati wa mwakabisira sindinawaletse. Ndi akuluakulu, ndipo lamulo likuwalola. Ndinangowayalira mtengo wake. Pa mwambo wa Chiigbo, mkazi amene sanaperekeredwe malowolo abale samuwerengera kuti ndi wokwatiwa, ndipo ana ake amatengedwa ngati a kwa bambo a mkaziyo. Mtsikanayo anati chikalata cha boma chokha sichikanamukwanira. Komabe sindinafune kuti adikire mpaka tsitsi lichite imvi, monga ndaonera ena. Anagwirizana kuti adikira mpaka Isitala wa 2024, ndipo ikadzakwana nthawiyo adzakwatirana, makolo avomere asavomere. Ndinalimbana nazo mumtima ngati ankhoswe auzidwe za tsikuli, poopa kuti zimveka ngati chiopsezo. Tinawauza, koma iwo okha. Azakhali anayankha kuti nthawiyo ndi yokwanira.

Mtsikanayo anavutika ndi nkhani yogwada. Anati akayamba kugwada lero, mawa adzamuuza kuti asiye ntchito. Sindinamukakamize. Tinasiyanitsa moni ndi ulamuliro: analemba zimene angachite mwaufulu ndi zimene sadzalola, bwenzi lake n'kuvomera kuti zachiwirizo adzazinena ndi iye kwa mayi ake, osati kusiyira mkazi. Mu Okutobala 2023 anapita ku Ibadan, anagwada, n'kupereka moni m'Chiyoruba chimene anakula nacho ku Lagos. Mayiwo anamudzutsa. Sanamukumbatire, koma anamupatsa chakudya. Mnyamatayo payekha anawatsimikizira mayi ake kuti ndalama ya mwezi ndi mwezi sidzasintha, ndipo anawauza kuti anaumirira zimenezo ndi mtsikanayo.

Chimene azakhali ananena kwa mlongo wawo sindikuchidziwa chonse. Anangotiuza kuti anamukumbutsa kuti mwana uja anamubereka kumbuyo ndi iwo, ndipo ngati pali woyenera kukana Myoruba ndi iwo, koma sakufuna kutayanso mwana wachiwiri ali moyo. Mu Novembala bambowo anatumiza uthenga wa mzere umodzi kwa mwana wawo: anthuwo abwere pa Khirisimasi, kumudzi, osati ku Lagos.

Mwambo wogogoda pakhomo, iku aka, unachitika kumapeto kwa Disembala 2023. Mndandanda unabwera wautali: zilazi, mbuzi, matumba a mpunga, makatoni a zakumwa, uchema, nsalu, za amayi, za achinyamata, za umunna. Ndinali nditamuchenjeza mnyamatayo kuti asaulandire ngati chilango, chifukwa mkamwini wa Chiigbo akanalandira womwewo, ndiponso kuti mndandanda umakambidwa. Anakamba ndi bambo aang'ono aja, tsiku lonse, ndipo unatsika ndithu. Mnyamatayo analonjeza pamaso pa abale kuti ana adzapatsidwa mayina a Chiigbo pamodzi ndi a Chiyoruba ndipo adzabwera nawo kumudzi. Pa ndalama ya malowolo yeniyeniyo, bambowo anatengapo kachepe chabe n'kubweza yotsalayo.

Zimene zinatsatira

Igba nkwu, mwambo umene mkwatibwi amayenda ndi chikho cha uchema kufunafuna mwamuna wake pakati pa anthu, unachitika sabata ya Isitala mu 2024. Mayi a mnyamata sanapite. Anati akuopa za chitetezo kum'mawa, kumene kuyambira mu 2021 anthu m'madera ambiri ankakhala m'nyumba Lolemba lililonse poopa magulu ofuna Biafra. Manthawo anali ndi maziko, koma mwana wawo sanakhulupirire kuti chifukwa chinali chokhacho, ndipo zinamupweteka. Abale ena awiri a bambo a mtsikana nawo anakana kubwera. Ukwati wa kutchalitchi unachitikira ku Lagos patatha masiku ochepa, chilolezo cha bishopu chokwatirana ndi wa mpingo wina chitapezeka, ndipo kumeneko mayiwo anabwera ndi anzawo onse atavala nsalu yofanana. Pa phwando mnyamatayo ndi anzake anagona chafufumimba pamaso pa apongozi ake, ngakhale mwambo wa Chiigbo sufuna zimenezo. Bambowo anachita manyazi, n'kumudzutsa msangamsanga.

Ndinatseka fayilo yawo mu Juni 2024. Anabweranso mu 2025, mkaziyo ali woyembekezera. Kwa Aigbo mayi a mkazi amabwera kudzasamalira mwana wawo akachira, mwambo wa omugwo, ndipo amatha kukhala miyezi. Kwa Ayoruba ambiri udindo umenewo umayembekezeka kwa mayi a mwamuna. Agogo onse awiri anali atayamba kale kufunsira viza, nyumba ili ya zipinda ziwiri. Ndinadziimba mlandu kuti sindinaionere patali nkhaniyi, chifukwa inali yodziwikiratu. Anagwirizana kuti mayi a mkazi abwere poyamba, a ku Ibadan atsatire. A ku Ibadan anavomera ndi mawu ochepa kwambiri.

Mwana anabadwa wamkazi. Anamutcha mayina tsiku lachisanu ndi chitatu monga achitira Ayoruba, agogo a mbali zonse akuonera pa foni. Bambo a ku Ladipo tsopano amamutchula mkamwini wawo kuti ogo m, mpongozi wanga, ndipo amamuimbira okha kumufunsa za misonkho. Pa tebulo lawo dzina la Awolowo silitchulidwa, ndipo za chisankho chikubwerachi awiriwa anapangana kuti adzakambira ku ofesi kwanga, osati kuchipinda. Agogo aakazi a ku Ibadan amaitana mwanayo ndi dzina la Chiyoruba lokha, agogo aamuna ndi la Chiigbo lokha. Mwezi watha mayi ake anandiuza kuti wayamba kutembenuka akamva lililonse mwa awiriwo.